Moto pa mtsetse wa ku Thabwa

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi malaputopu. Ndili ndi kabenchi mu Limbe, ndipo amene anandibweretserapo foni amabweranso chifukwa dzanja langa silinjenjemera powotcherera. Choncho zomwe ndikuulula pano sizinachitike kaamba kosadziwa magetsi. Ndinkawadziwa, koma a pa benchi, ndipo ndinawatenga n'kukalowa nawo m'boneti mwa galimoto, momwe zinthu zimayenda mwa mtundu wina.

Galimoto yanga ndi ka Toyota kakale kochokera ku Japan, kamene kanalowa kudzera ku Dar es Salaam monga zambiri za m'misewu yathu. Batire lake linayamba kufooka nyengo yozizira ili mkati. M'mawa ndikapotokola kiyi, sitata inkangoti ke-ke-ke, kenako zii. Popeza galimotoyo ndi yosintha yokha magiya, zoti anyamata aikankhe kuti ilire panalibe. Ndinkadikira aneba a minibasi kuti andijampe asananyamuke, ndipo nkhope yawo inayamba kusintha. Nditakafunsa mtengo wa batire latsopano la NS40 ndinabwerako wofooka. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mosayang'ana nkhope, ndipo batire lokhalo linkafuna kudya ndalama ya lendi.

Pansi pa benchi ndinali ndi katoni ya maselo a lithium amene timawatchula 18650, aja okhala ndi mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Ambiri ndinkawachotsa m'mabatire akufa a malaputopu n'kumapangira nyali zoyatsa magetsi akathima. Amenewo ndinkadziwa kuti sangalize injini, chifukwa selo la laputopu likapereka maampu 5 ndiye kuti lalimbikira. Koma alamu anga, amene amapala matabwa ku Joni, anandibweretsera mabatire owonongeka a madrilo awo. M'kati mwake munali maselo a mtundu wina, otulutsa mphamvu yambiri nthawi imodzi. Lililonse linali la 2,500 mAh ndipo linkatha kupereka maampu 20 mosalekeza. Nditawayeza, ambiri anali amoyo ndithu.

Ndinakhala pansi ndi pepala. Sitata ya injini yaing'ono ya petulo imakoka maampu apakati pa 100 ndi 200 kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Maselo 10 ogwirizana m'gulu limodzi, lililonse maampu 20, ndiye kuti 200. Kunatsala mavolti. Selo la lithium la mtunduwu likadzadza limafika 4.2, ndipo magulu atatu otsatizana amapereka 12.6. Batire la asidi la galimoto lili ndi zipinda 6, chilichonse 2.1, zonse pamodzi 12.6. Nditaona manambala awiriwa akufanana chonchi, mtima unadumpha. Ndinadzifunsa kuti anthu onsewa akuvutikiranji ndi chibokosi cha makilogalamu pafupifupi 10, pamene maselo 30 osakwana ndi makilogalamu awiri omwe angathe kugwira ntchito yomweyo.

Ndinawalumikiza mosamala ndi timalata tokhuthala, n'kuwaika m'bokosi lotuwa la pulasitiki, lija amagwiritsa ntchito amagetsi a m'nyumba, n'kuboola mabauti awiri kuti akhale mitu ya batire. Ndinaikamonso BMS, kabolodi kamene kamayang'anira maselo kuti asadzadze mopitirira, asathe mopitirira, ndiponso kuti magulu onse aziyendera limodzi. Kanali ka maampu 40. Nditapotokola kiyi, kabolodiko kanaona sitata ikukoka mopyola malire ake ndipo kanadula magetsi pompo, monga kanapangidwira. Ndinayesanso, zomwezo. Ndiye ndinakachotsa n'kulumikiza mawaya molunjika ku maselo. Ndinachita izi ndikudziwa bwino ntchito ya kabolodiko. Makasitomala anga ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti asagule matchaja achabechabe chifukwa lithium safuna masewera, koma tsiku limenelo ndinkafunitsitsa kumva injini ikulira.

Inaliradi, kamodzi n'kamodzi, mwachangu chimene ndinali ndisanachimvepo pa galimoto imeneyo. Maselo amenewa sagwa mavolti kwambiri akamakokedwa, ndiye sitata inazungulira mosavutika. Aneba a minibasi anabwera kudzasuzumira, nati, "Achimwene, mutu wanu umagwira." Ndinawakhulupirira.

Kwa masabata angapo zinayenda bwino, ndipo chifukwa chake ndinadzachidziwa mochedwa. Kwathu mabatire a galimoto amabedwa usiku, choncho madzulo alionse ndinkamasula bokosi lija n'kulowa nalo m'nyumba. Linali lopepuka, mwana akanatha kulinyamula. Magetsi akathima tinkayatsira nyali ndi wailesi, ine n'kumatchajirapo mafoni a makasitomala. Pofika m'mawa linkakhala litatha theka kapena kuposa. Ulendo wochoka kunyumba kufika mu Limbe ndi waufupi, moti alitaneta inkangobwezeretsako pang'ono, ine n'kuzimitsa injini isanalidzadze. Nthawi zina pomasula ndinkamva bokosilo likufunda, koma ndinkati ndi kutentha kwa injini.

Pafupi ndi benchi yanga pali galaja, ndipo pamenepo pali bambo wina wachikulire wokonza magetsi a galimoto, amene tonse timangomutcha madala. Ndinawaitana kuti adzaone. Analitembenuza bokosilo, nayamikira malumikizidwe anga, kenako anafunsa:

"Aphwanga, ntchito mwaigwira yaudongo. Koma alitaneta yanu ikupereka zingati?"

"Ndi 12, madala. Galimotoyi ndi ya 12."

"Mwayeza injini ikulira?"

"Ndiyeza."

Sindinayeze. Mita yoyezera inali m'thumba la ovolosi yanga, ndipo kuyezako sikukanatenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinaganiza kuti madala akuchita kaduka poona kuti wokonza mafoni walowa m'munda mwawo.

M'masiku omwewo kunabwera bambo wina kudzakonzetsa foni. Pocheza ndinamuonetsa bokosi langa, iye n'kuchita nalo chidwi. Anati kwawo n'cha ku Mulanje, ndipo ali ndi pikapu imene ili pa miyala kudikira giyabokosi, batire lake linafa kalekale. Ndinamupangira lina ndi maselo otsala, lopandanso BMS. Analipira, nanyamula, napita. Dzina lake sindinalembe, nambala yake ya foni sindinasunge.

Mu Okutobala mng'ono wa mayi a kunyumba anali ndi chinkhoswe ku Chikwawa. Ine ndi amene ndinali ndi galimoto m'banjamo, ndiye ndinapatsidwa ulemu wonyamula apongozi aakazi, malume awo a akazi anga amene anali ankhoswe, komanso akazi angawo ndi mwana wa m'manja. Usiku wake ndinalitchaja bokosi lija mpaka 12.6 ndipo ndinaletsa aliyense kuyatsirapo kanthu. Ndinkafuna kunyamuka ndi batire lodzadza kuti ndisachite manyazi panjira pamaso pa apongozi.

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Tinadutsa Mpemba bwinobwino, n'kuyamba kutsika. Amene anayendapo msewu wa M1 wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa akudziwa mmene umakhotera potsikira ku Thabwa, phiri mbali iyi, phompho mbali inayo, chigwa cha Shire chikuoneka kutali pansi. Mphepo yolowa pa windo inali itayamba kale kutentha. Woyamba kumva fungo anali apongozi.

"Apongozi, kodi simukumva kafungo ka mankhwala?"

"Ndi mabuleki a lole ili kutsogoloyi, amayi."

Malole amanunkhitsadi mabuleki pa mtsetse umenewo, koma fungo ili linali lina, lotsekemera ndi lolasa m'mphuno, ndipo ndinkalidziwa. Ndi limene limatuluka batire la foni likabooka pa benchi. Ndinalizindikira, koma ndinati ndiime tikafika pa Thabwa, pamalo athyathyathya.

Sitinafike. Pa khona ina panamveka phuu! m'boneti. Nyali zonse za pa dashibodi zinawala kwambiri nthawi imodzi, wailesi inaduka, injini n'kuzima. Chiwongolero chinalemera m'manja. Nditaponda buleki koyamba inagwira, kachiwiri inagwirako, kachitatu inauma gwa, chifukwa chothandizira mabuleki chimadalira injini kuti izilira. Galimoto inayamba kuthamanga yokha. Akazi anga anakuwa atamukumbatira mwana. Malume okha ndi amene sanakweze mawu. Anati, "Gwirani chiwongolero, bambo. Mwendo wonse pa buleki. Ya pamanja ndikoka ine pang'onopang'ono." Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse mpaka kunyamuka pa mpando, iwo akukoka, ine n'kuikhotetsera ku mbali ya phiri. Inakhula dothi ndi miyala kwa kamtunda, kenako inaima. Pakanakhala kuti pa khona imeneyo pakukwera minibasi, sibwenzi ndikulemba izi.

Utsi woyera unali tolo kuchokera m'mphepete mwa boneti. Akazi anga anathawira kumtunda ndi mwana, apongozi pambuyo pawo. Ine ndinathamangira kukatsegula boneti, ndipo chitsulocho chinandiwotcha chikhato. Bokosi lija linali litasungunuka, maselo akuphulika limodzi limodzi, lililonse ndi lawi lake lofuula. Lina linauluka n'kukagwera m'udzu wouma wa m'mbali mwa msewu, moto n'kuyamba pomwepo. Anyamata a makala amene ankakankha njinga zawo pokwera phirilo anazigoneka pansi, nathyola nthambi n'kuuzimitsa usanalowe m'tchire. Kachozimitsira moto kanga ndinakapopera konse. Lawi linagona pang'ono, kenako linadzukanso. Selo la lithium likatentha kufika pena pake, mankhwala a m'kati mwake amadzipangira okha kutentha ndi mpweya woyatsira moto, n'kutenthetsa selo loyandikana nalo, lomwelonso n'kuyamba. Ufa wa kachozimitsira sungaletse zimenezo. Chimene chinatithandiza ndi dalaivala wa lole amene anaima ndi zigubu za madzi. Anathira osaleka mpaka maselo otsala anazizira, uku akutiuza kuti tiime kumene mphepo ikuchokera chifukwa utsiwo ndi wapoizoni.

Lole yomweyo ndi imene inawatenga a m'banja. Ankhoswe anafika mochedwa, a kuchimuna atadikira mpaka kuyamba kunong'onezana, ndipo malume anapepesa pagulu pa mlandu womwe sunali wawo. Apongozi sanandinene kanthu pamsewu paja. Anadzalankhula madzulo, nditafika ndi dzanja lomangidwa bandeji, ndipo analankhula motsitsa mawu.

"Apongozi, mukanatiuza kuti m'galimotomo muli zoyesera, mwanayu tikanakwera naye minibasi."

Ndinalibe choyankha. Palibe mmodzi mwa anthu anayi aja amene ankadziwa kuopsa kwa chimene chinali m'boneti. Ndinawasankhira ndine.

Galimoto itakokedwa kubwerera ku Limbe, madala sanandikumbutse za funso lawo lija. Anangonditengera pa galimoto ina imene inali m'galajamo, nandipatsa mita yanga yomwe kuti ndiike pa mitu ya batire. Injini ili chete, inawerenga 12.5. Atailiza, inakwera kufika 14.2. Anati, "Gawani ndi 3." Ndinagawa, n'kupeza zoposa 4.7 pa selo lililonse, pamene malire ake ndi 4.2.

Alitaneta ya galimoto imene timati ya 12 imapereka mavolti apakati pa 13.8 ndi 14.4 nthawi yonse imene injini ikulira, ndipo sidziwa kuti batire ladzadza liti. Batire la asidi limapirira zimenezi. Likadzadza, mphamvu yotsalayo imangoswa madzi a m'kati mwake kukhala mpweya, n'chifukwa chake mabatire a zitsekerero timawawonjezera madzi. Madala anati lili ngati ndowa yosiyidwa pa mpopi, ikadzadza madzi amangosefukira pansi ndowayo osasweka. Selo la lithium lilibe kosefukira. Likapitirira 4.2, lithium amayamba kuundana m'kati ngati chitsulo, mbali inayo n'kumaphwasuka, mpweya ndi kutentha zikuchuluka m'kachitini kotsekedwa. Maselo ambiri a 18650 ali ndi kachivundikiro kamene kamadula magetsi mpweya ukachuluka, koma m'gulu la maselo 10, angapo akadzidula, otsalawo ndi amene amalandira katundu yense. Anga analinso akale, osafanana mphamvu, opanda BMS yowalinganiza, moti gulu lina liyenera kuti linakwera kuposa 4.7 yomweyo. Pamwamba pa zonsezi, maselo otere amayenera kutchajidwa pa kutentha kosapitirira madigiri 45, ndipo ine ndinawakhazika pafupi ndi injini, mwezi wa Okutobala, tikutsikira ku chigwa cha Shire. M'tauni muja chinkandipulumutsa ndi nyali za usiku zimene zinkalitsitsa mphamvu. Tsiku la chinkhoswe ndinanyamuka lili lodzadza kale, choncho chilichonse chimene alitaneta inathira kuchokera pa geti chinali chopitirira.

Kuzima kwa injini kunali ndi chifukwa chakenso. Batire la galimoto limagwiranso ntchito yomeza kulumpha kwa magetsi. Likachoka mwadzidzidzi alitaneta ikutchaja, mavolti amalumpha kwa kachigawo ka sekondi kufika makumi angapo, ndipo pa maalitaneta ena akale amatha kupyola 100. Kuwala kwa dashibodi kuja kunali kumeneko. Kunapsa kompyuta yoyendetsa injini, wailesi, mababu, ndi alitaneta yomwe, osawerengera mawaya amene moto unanyambita. Ndinafunsa madala ngati BMS yaikulu ikanandipulumutsa. Anapukusa mutu. Ikanadula maselo akafika 12.6, zoona, koma kudulako ndi kumene kumachotsa batire injini ikulira, ndiye kulumpha kuja kukanachitikabe. Nanga magulu anayi? Amenewo akadzadza amafika 16.8, mphamvu yokwanira kuwotcha mababu, ndipo alitaneta ikanawafikitsa pa 3.6 lililonse, osakwana ndi theka lomwe. Maselo a mtundu umene ndinali nawo sagwirizana ndi alitaneta ngakhale muwasanje bwanji.

Ulipo mtundu wa lithium umene umagwirizana nayo, wotchedwa LiFePO4, umene John Goodenough ndi anzake a pa University of Texas anaufotokoza m'zaka za m'ma 1990. Selo lake limakhala pa 3.2 ndipo limadzadza cha pa 3.6, moti anayi otsatizana amakumana ndi 14.4 ya alitaneta, ndipo siligwira moto msanga. Ndi umene umapezeka m'mabatire ambiri a sola masiku ano komanso m'njinga zamoto zina. Kampani ya Porsche inayamba kugulitsa batire lolizira injini la mtunduwu mu 2010 pa magalimoto ake ena othamanga, lolemera zosakwana makilogalamu 6. Koma inkaperekanso batire la asidi pambali, loti mwini galimoto aziika kukazizira kwambiri. Ngakhale akatswiri a ndege anapunthwapo pa lithium. Mu Januwale 2013 ndege zonse za Boeing 787 zinaletsedwa kuuluka kwa miyezi itatu, batire litagwira moto m'ndege ina ku Boston ndipo lina litatentha m'ndege imene inatera mwadzidzidzi ku Japan. Batire la mtovu ndi asidi analipanga Gaston Planté mu 1859, ndipo lakhala likuliza injini kuyambira pamene Cadillac inaika sitata ya magetsi mu 1912. Ndi lolemera, limadontha, limafa pakapita zaka zochepa. Lakhalitsa chonchi chifukwa limalandira chilichonse chimene alitaneta ikuthira, pa kutentha kwa m'boneti, osafuna woliyang'anira.

Sindikunyoza anzanga amene amapanga zinthu ndi maselo akale. Ndalama kulibe, ndipo luso limeneli layatsa nyumba zambiri. Tizida tojampira galimoto togulitsidwa m'sitolo nato tili ndi lithium m'kati, koma timagwira batire kwa masekondi ochepa n'kuchotsedwa, ndipo tabwinoto tili ndi chotchinga kuti magetsi a alitaneta asabwerere m'maselo. Ine ndinayeza mbali imodzi yokha, yoti kodi maselo angathe kupereka. Yoti angathe kulandira sindinaifunse, ndipo injini italira ndinayesa kuti mayeso atha.

Panopa m'galimotomo muli NS40 ya asidi imene ndinagula pa ngongole. Kukonza zopsazo kunadya ndalama zogulira mabatire angapo, ndipo ndikubwezabe kwa alamu anga. Chikhato chinapola. Chimene chikundisowetsa tulo ndi bokosi lachiwiri lija. Ndafunsa makondakitala a minibasi za ku Mulanje, ndafunsa amakanika odziwana ndi madala, koma bamboyo sindinamupeze.

Bambo inu a pikapu, kapena aliyense amene akukudziwani: bokosilo ndi lotuwa, la pulasitiki, lili ndi mabauti awiri pamwamba, limodzi lokulungidwa tepi yofiira. Musalizire injini. Ngati mwaliika kale m'galimoto, zimitsani injini kaye, mumasule waya wa negetivu poyamba, kenako winayo. Mulisunge panja pa mthunzi, pa dothi lopanda udzu, kutali ndi nyumba ndi ana, ndipo musalitaye pamoto kapena m'chimbudzi. Bwerani nalo pa benchi pomwe munakonzetsa foni mu Limbe, ndidzakubwezerani ndalama zanu zonse pamodzi ndi ya thiransipoti.